Akazembe sangatisungire ufulu wopembedza



Sabata ino tikufuna kutsutsana ndi maganizo awiri amene amamveka kawirikawiri mumzinda wathu uno wa Lilongwe, m'minibasi, pabwalo la tchalitchi Misa ikatha, ngakhalenso m'maofesi ozizira a ku Capital Hill. Maganizo oyamba ndi akuti nkhani ya ufulu wa chipembedzo ndi ya azungu, nyimbo imene akazembe amaimba pofuna kuchititsa manyazi maboma a mu Africa, pamene ife chimene tikusowa ndi chimanga, mafuta a galimoto ndi ntchito. Maganizo achiwiri amaoneka ngati akutsutsa oyambawo, koma ndi mapasa. Amati tisade nkhawa: boma likadzayamba kupondereza anthu opembedza, akazembe alipo, adzayankhula, adzatseka mpopi wa thandizo, ndipo zinthu zidzabwerera m'chimake. Ife tikuti maganizo onse awiriwa ndi osokeretsa, ndipo umboni wake suli kutali. Uli m'mbiri ya dziko lino ndi ya mzinda womwe uno.

Mzinda wathu uli ndi nkhope ziwiri. Ku Old Town kuli msika, depoti ya mabasi, mzikiti waukulu umene nsanja zake zimaonekera patali, ndipo chapafupi pali tchalitchi chathu chachikulu cha Maula. Kumeneko Mkhristu ndi Msilamu amagulitsana tomato, amasinthana chenje, amapanikizana pampando umodzi wa minibasi. Tikatsata msewu wa Kenyatta n'kufika ku City Centre, timapeza mbendera za mayiko osiyanasiyana zikukupiza pamaofesi a akazembe, ndipo eni akewo amagona kuseri kwa mipanda italiitali ya ku Area 10, Area 12 ndi Area 43. M'maofesi amenewa mumatuluka malipoti onena za ife. Lamulo limene dziko la America lidakhazikitsa mu 1998 limafuna kuti chaka ndi chaka palembedwe lipoti la momwe ufulu wa chipembedzo ukuyendera m'mayiko a padziko lapansi, kuphatikizapo Malawi. Funso lathu ndi ili: mwa nkhope ziwirizi, ndi iti imene imasungadi ufulu wa munthu wopembedza?

Khadi la chipani

Tiyambire mu 1967. M'chaka chimenecho boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidachita zinthu ziwiri zimene ambiri amazikumbukira padera, chonsecho ziyenera kuwerengedwa pamodzi. Mu Sepitembala lidakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo ngongole yochokera kumeneko ndiyo idathandiza kuyamba kumanga likulu latsopano lino, limene lidalowa m'malo mwa Zomba mu 1975. Mu Okutobala boma lomwelo lidaletsa gulu la Mboni za Yehova. Mlandu wawo sudali wakuba kapena wopha munthu. Chikumbumtima chawo chinkawaletsa kugula khadi la chipani, ndipo adakana kuligula. Basi.

Zimene zidatsatira n'zochititsa nthumanzi. Nyumba zawo zidatenthedwa, mbewu zawo zidazulidwa m'minda, amayi adagwiriridwa, ena adaphedwa. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP udagamula kuti Mboni zichotsedwe ntchito, m'boma ndi m'makampani momwe, ndiponso kuti zipirikitsidwe m'midzi. Anthu pafupifupi 20,000 adathawira ku Sinda Misale, m'chigawo cha kummawa kwa Zambia, kumene ambiri, makamaka ana, adafa ndi matenda. Boma la Zambia silidafune mtolo umenewu, ndipo chaka chisanathe lidawabweza kwawo, m'manja mwa omwe adawathawa aja. Ambiri adathawanso, ulendo uno kulowera ku Mozambique, ku Angónia ndi ku Milange. Dziko limenelo litalandira ufulu wodzilamulira mu 1975, ochuluka adabwezedwanso, ndipo zikwi zingapo za iwo zidaponyedwa m'ndende. Imodzi mwa ndendezo idali Dzaleka, ku Dowa, pamtunda woti munthu wochoka ku City Centre pagalimoto amafikako ola lisanathe. Malo omwewo kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo. Lero timalandirako othawa nkhanza za m'mayiko ena, pamalo pamene dzulo tinkamva kuti pakutsekeredwa ana a dziko lino.

Pali chinthu chimodzi chimene ife achinyamata sitiyenera kuchilumpha. Manja amene ankagwira zibonga sadali a nduna kapena a akuluakulu a chipani. Adali manja a anyamata a Malawi Young Pioneers ndi a Youth League, anthu a misinkhu yathu yomweyi, ambiri a iwo obatizidwa, oimba kwaya Lamulungu. Wozunza ndi wozunzidwa nthawi zambiri adali a mudzi umodzi, omwera pachitsime chimodzi.

Nanga akazembe adali kuti? Adalipo. Nkhani za nkhanzazi zidalembedwa m'nyuzipepala zakunja, mabungwe omenyera ufulu wa anthu adadandaula, koma thandizo lidapitirira kubwera. Chifukwa chake n'chodziwika: inali nthawi ya mpikisano wa pakati pa mayiko a azungu ndi mayiko a chikomyunizimu, ndipo Dr Banda adali bwenzi lodalirika la azungu m'chigawo chimene maboma ambiri ankayang'ana ku Moscow ndi ku Beijing. Mfumukazi Elizabeth II idacheza m'dziko muno mu 1979. Margaret Thatcher adabwera mu 1989. Chiletso cha Mboni chidakhalapobe mpaka pa 12 Ogasiti 1993. Pafupifupi zaka 26. Mipingo ikuluikulu nayo mawu ake sadamveke mokwanira pa nkhani imeneyi, mwina chifukwa cha mantha, mwina chifukwa Mboni zidali zochepa ndiponso zosakondedwa, popeza chiphunzitso chawo chimatsutsa mipingo ina mosabisa. Amene amati akazembe adzatiyankhulira atiuze: adayankhulira ndani m'zaka 26 zimenezo?

Amene amati chitukuko chiyambe, ufulu udzabwera pambuyo, nawonso ayankhe. Mphunzitsi wochotsedwa ntchito chifukwa cha khadi adasiya kalasi yopanda mwini. Mlimi wothawira ku Sinda Misale adasiya munda uli thengo. Misewu yotakata ya City Centre idamangidwadi, ndipo tikuyendamo mpaka lero, koma dziko lidaphunzira m'zaka zomwezo kuti munthu angathe kukanizidwa kulowa mumsika, kukwera basi kapena kuonana ndi dokotala chifukwa chopanda kapepala ka chipani. Chikwapu chimene chidayesedwa pamsana pa Mboni chidagwiritsidwa ntchito pa Amalawi onse. Akuluakulu adanena kale kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lenti wa 1992

Mawa limenelo lidafika pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti. M'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno mudawerengedwa kalata ya maepiskopi athu, imene pachingerezi imadziwika ndi dzina loti Living Our Faith. Kalatayo sidaitane anthu kuti agwetse boma. Idangotchula poyera zimene aliyense ankanong'ona: kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro osakwanira, kusowa kwa mankhwala ndi mabuku, kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, mantha oyankhula, ndiponso khadi lija, limene Mboni zidakhala zikulifera kwa zaka 25.

Patangopita masiku awiri, maepiskopi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, adaitanidwa ku polisi ya Kanjedza ku Blantyre kumene adapanikizidwa ndi mafunso kwa maola ambiri. Boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira boma, ndipo kupezeka nayo udali mlandu. Muno mu Lilongwe akuluakulu a chipani adachita msonkhano wadzidzidzi pamene ena mwa iwo adayankhula poyera zoti maepiskopi aphedwe, ndipo mawu awo, omwe adajambulidwa pa tepi, adatuluka n'kumveka kunja kwa dziko. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka, kumene kalatayo idasindikizidwa, idayatsidwa moto. Pa Lachisanu Loyera, Monsinyo John Roche wa ku Ireland, amene ankayendetsa dayosizi ya Mzuzu, adalamulidwa kutuluka m'dziko muno.

Ulendo uno mayiko akunja adachitapo kanthu. Mu Meyi 1992, pamsonkhano wawo ku Paris, mayiko ndi mabungwe othandiza Malawi adaimitsa thandizo lonse lachitukuko, n'kusiya la chakudya ndi la othawa nkhondo lokha, kufikira boma litasintha pa nkhani ya ufulu wa anthu. Chidali chaka cha chilala choopsa, ndipo dziko linkasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique. Boma lidapanikizika. Mu Okutobala Dr Banda adalengeza riferendamu, ndipo pa 14 Juni 1993 pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ovota adasankha ndale za zipani zambiri. Patatha miyezi iwiri, chiletso cha Mboni chidachotsedwa.

Pamenepa amene amati ufulu wa chipembedzo ulibe chochita ndi m'mimba mwathu alibe poimira. Kuopseza abusa asanu ndi awiri kudathandiza kutseka ndalama zomangira misewu, sukulu ndi zipatala za dziko lonse. Boma limene limamanga munthu chifukwa cha kalata yowerengedwa paguwa limauza dziko lapansi kuti mawu ake ndi osadalirika, makhoti ake ndi opanda mphamvu, ndipo ndalama yoikidwa m'manja mwake ilibe woiyang'anira.

Koma amene amadalira akazembe asafulumire kuomba m'manja. Tidzifunse chifukwa chimene mpopi udatsekedwera mu 1992 osati mu 1972. Sikuti misozi ya episkopi ndi yolemera kuposa ya mayi wa Mboni. Dziko lapansi ndilo lidali litasintha. Khoma la Berlin lidagwa mu 1989, Nelson Mandela adatuluka m'ndende mu 1990, Soviet Union idatha mu 1991, ndipo chaka chomwecho anansi athu a ku Zambia adasintha boma kudzera m'chisankho. Bwenzi lodalirika lija lidalibenso ntchito. Komanso Mpingo wa Katolika ndi waukulu, uli ndi abale ku Rome, ku Dublin ndi ku London amene akanatha kufuula. Ndipo chachikulu koposa, Amalawi eni ake ndiwo adayamba kuyenda. Ophunzira a ku Chancellor College adaguba ku Zomba mu Malichi. Chakufwa Chihana adamangidwa pabwalo la ndege la Kamuzu pa 6 Epulo. Anthu apantchito adanyanyala, ndipo makumi angapo adaphedwa m'zipolowe za kumayambiriro kwa Meyi. Atsogoleri a CCAP adalemba kalata yawo mu Juni, ndipo chaka chisanathe Akatolika, Apulotesitanti, Asilamu, maloya ndi amalonda adakhala pamodzi m'bungwe la Public Affairs Committee, lija timalitchula kuti PAC. Akazembe adakankha khoma limene eni nyumba adali ataligwedeza kale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno; wa m'thumba la mlendo ndi wa mlendoyo.

Pamene chitetezo cha ena chidayatsa moto kwathu

Ubale wa mayiko ungathenso kuvulaza ufulu wopembedza m'malo mouteteza. Mu Juni 2003, nthawi imene dziko la America linkasakasaka zigawenga za al-Qaeda paliponse, amuna asanu achisilamu ochokera kunja, amene ankakhala ndi kugwira ntchito ku Blantyre, adamangidwa usiku powaganizira kuti akuthandiza gulu limenelo. Khoti lalikulu lidalamula kuti asatulutsidwe m'dziko muno. Adatulutsidwabe, ataperekedwa m'manja mwa a America. Patatha pafupifupi mwezi adamasulidwa ku Sudan popanda kuzengedwa mlandu uliwonse.

Amene adalipira sadali a ku Washington. Ku Mangochi anthu okwiya adaphwanya matchalitchi angapo ndi maofesi a bungwe lothandiza ana. Kuphwanya tchalitchi ndi tchimo ndiponso mlandu, ndipo palibe mkwiyo umene ungakuyeretse, monganso palibe chimene chingayeretse kutentha mizikiti kumene kudachitika kumpoto chisankho cha 1999 chitatha. Koma tione momwe moto udayendera. Boma lidafuna kusangalatsa bwenzi lamphamvu, lidanyoza khoti lake lomwe, Asilamu adamva kuti chipembedzo chawo chasanduka mlandu, ndipo mwala udagwera pazenera la Mkhristu wa m'mudzi amene sankadziwa n'komwe kuti al-Qaeda n'chiyani. Chimene chidachitidwa m'dzina la chitetezo chidachepetsa chitetezo. Dziko lomwelo limene lidakhazikitsa lamulo la 1998 loteteza opembedza ndilo lidalandira anthu amene khoti lathu lidati asachoke.

Sitikunena izi pofuna kunyoza dziko la eni. Tikungoti dziko lililonse limayamba laona zofuna zake. Dziko la Saudi Arabia lakhala pamndandanda wa America wa mayiko opondereza kwambiri ufulu wa chipembedzo kuyambira 2004, koma zilango zake zakhala zikuimitsidwa chifukwa cha mafuta ndi ubale wa zankhondo. Dziko la Nigeria lidaikidwa pamndandanda womwewo mu 2020, lidachotsedwa mu 2021, n'kubwezeretsedwanso mu 2025, malinga ndi amene adali pampando ku Washington, pamene Akhristu ndi Asilamu a m'midzi ya kumpoto kwa dzikolo ankaphedwa m'zaka zonsezo mosayang'ana mndandanda. Ufulu umene umadalira chisankho cha m'dziko la eni ndi ufulu wobwereka, ndipo chobwereka sachedwa kuchiitanitsa.

Phunziro la kutsidya kwa malire

Amene akufuna kuona mtengo weniweni wa nkhaniyi ayang'ane kummawa. Kuyambira Okutobala 2017, pamene zigawenga zidaukira tauni ya Mocímboa da Praia, chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique chakhala pamoto. Zifukwa zake n'zambiri: umphawi, achinyamata osowa ntchito pakati pa chuma cha gasi ndi miyala yamtengo wapatali, nkhanza za asilikali, ndi alaliki osokoneza amene adapotoza Chisilamu. Anthu zikwizikwi aphedwa, Asilamu ndi Akhristu omwe, ndipo pafupifupi 1 miliyoni adathawa m'makwawo. Zigawenga zitaukira Palma mu 2021, kampani ya TotalEnergies idaimitsa kwa zaka zingapo ntchito yake ya gasi ya ndalama mabiliyoni ambiri a madola. Kumapeto kwa chaka chomwecho moto udafika m'chigawo cha Niassa, chimene chimachita malire ndi Mangochi. Pa 6 Sepitembala 2022 Sisitere Maria De Coppi, wa chipani cha Comboni, adawomberedwa pamishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula, chigawo chimene mumadutsa njanji yathu yopita ku doko la Nacala. Atsogoleri a mayiko a SADC adakumana muno mu Lilongwe mu Januwale 2022 kukambirana za asilikali amene adatumizidwa kumeneko.

Chimene chiyenera kutikhudza ndi ichi: nkhondo isanayambe, atsogoleri achisilamu a m'deralo adachenjeza akuluakulu a boma za kagulu ka anyamata kamene kankanyoza mashehe ndi kuletsa ana kupita kusukulu. Chenjezo lawo silidalabadiridwe. Zinthu zitaipa, boma lidathamangira kutseka mizikiti ina ndi kumanga anthu mwachisawawa, ndipo anyamata ena amene adali pakatikati adakankhidwira kutchire. Mlonda woyamba wa dziko si msilikali wa pamalire. Ndi shehe, wansembe, m'busa kapena nyakwawa imene imadziwa mwana aliyense wa m'mudzi, ndipo imakhulupirira boma mokwanira kuti ikanene ikaona zachilendo. Munthu amene akumva kuti chipembedzo chake chikulemekezedwa amateteza dziko lake. Amene akumva kuti ndi mlendo kwawo komwe amangopenya.

Pakhomo pa sukulu

Wina anganene kuti zonsezi ndi zakale kapena zakutali, pakuti gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo. Zoonadi, ndipo tiyenera kuthokoza Mulungu. Koma lamulo lolembedwa limayesedwa pakhomo pa sukulu. Mu 2019 ku M'manga, m'boma la Balaka, mkangano wa hijabu pasukulu ya mpingo wa Anglican udafika pomenyana ndi kuwononga nyumba zopemphereramo. Mu 2020 ofesi ya pasukulu ya Katolika ya Mpiri ku Machinga idatenthedwa pa nkhani yomweyo, ndipo ana adakhala kunyumba. Ana achirasta adakhala zaka zambiri akubwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha madiredi, mpaka mu Meyi 2023 pamene khoti lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Jaji Zione Ntaba, lidagamula kuti kuwabweza n'kuphwanya malamulo a dziko.

Tikudziwa yankho limene ena mwa ife amapereka, ndipo si lopanda nzeru. Amati sukulu adamanga ndi Mpingo, ndi thukuta la akhristu, ndipo ili ndi ufulu wosunga chikhalidwe chake. N'zoona. Ufulu wa chipembedzo ndi wa mipingonso, si wa munthu payekha chabe, ndipo amene amayatsa moto pasukulu ayenera kuyankha mlandu kukhoti. Koma mtsikana wa zaka khumi amene wabwezedwa pageti chifukwa cha kansalu ka kumutu sadatenthe kanthu. M'maboma amene atsikana ambiri amasiyira sukulu panjira n'kukwatiwa ali aang'ono, tsiku lililonse limene wakhala kunyumba ndi phazi limodzi lolowera ku ukwati. Nchifukwa chake mgwirizano umene atsogoleri achikhristu ndi achisilamu adasainirana mu 2021 motsogozedwa ndi PAC, wolola atsikana achisilamu kuvala hijabu yogwirizana ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, ndi chinthu choyenera kuchiteteza. Sikugonja. Ndi nzeru za anthu amene adzakhalabe moyandikana alendo onse atapita.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 17 ndi Akatolika ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu. Palibe mpingo umene uli ndi theka la dziko. Aliyense wa ife ndi wochuluka pena, wochepa pena. Mkatolika amene ali ndi mphamvu ku Dedza ndi wochepa m'midzi ina ya ku Mangochi. Muyeso umene tigwiritse ntchito pamene tili ambiri ndi womwewo udzatiyeze pamene tili ochepa.

Ndipo kwa ife Akatolika nkhaniyi siyongofuna mtendere chabe. Pa 7 Disembala 1965, zaka ziwiri chiletso cha Mboni chisanabwere, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata cha Dignitatis Humanae. Chiphunzitso chake n'chakuti ufulu wopembedza umachokera mu ulemerero wa munthu amene Mulungu adamulenga ndi nzeru ndi ufulu wosankha, osati m'kulondola kwa zimene munthuyo amakhulupirira. Sitigwirizana ndi Mboni pa za Utatu Woyera. Sitigwirizana ndi Asilamu pa za mtanda. Tili ndi zonena kwa a gule wamkulu ndi kwa amene sakhulupirira n'komwe. Tingathe kutsutsana nawo, kuwalalikira, kuwapempherera. Chimene sitingathe ndi kulola kuti wina awakakamize ndi chibonga, ndi njala kapena ndi geti lotseka. Chikhulupiriro chokakamiza Mulungu sachilandira.

Ndodo ya akazembe ikufupika

Pali chifukwa chinanso chimene tiyenera kusiyira kuyang'ana ku City Centre. Ndodo imene idagwira ntchito ku Paris mu 1992 si yaitali monga kale. Kuyambira pamene Malawi adakhazikitsa ubale ndi China kumapeto kwa 2007, nyumba ya malamulo, malo a misonkhano a BICC ndi bwalo la masewero la Bingu zamangidwa ndi bwenzi limene silifunsa za akaidi a chikumbumtima, pakuti kwawo komwe limapanikiza Akhristu, Asilamu achi Uyghur ndi Abuda a ku Tibet. Mu 2025 boma la America lidatseka bungwe la USAID, ndipo ntchito zambiri za umoyo ndi maphunziro m'dziko muno zidagwedezeka, osati chifukwa tidalakwira wina, koma chifukwa eni ndalama adasintha maganizo. Amene alibe chopereka alibenso choopsezera. Boma la ku Nicaragua lidapirikitsa kazembe wa Papa mu 2022, lidagamula Ambuye Rolando Álvarez kukhala m'ndende zaka 26 mu 2023, ndipo ngakhale lidawatulutsa n'kuwatumiza ku Rome chaka chotsatira, madandaulo onse a mayiko akunja sadabwezeretse ufulu wa Mpingo kumeneko. Boma likatsimikiza mtima kupondereza, ndipo nzika zake zikakhala chete kapena zogawikana, kalata ya kazembe imangokhala pepala.

Sitikuti akazembe akhale chete. Ayankhule, ndipo akayankhula zoona tiwathokoze, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Boma lathu nalo lidziwe kuti mbiri ya dziko pa nkhani imeneyi ndi chuma: mlendo wodzaona nyanja, wamalonda wofuna kumanga fakitale, mishoni yomanga chipatala, bungwe lachisilamu lokumba mijigo, onsewa amabwera kumene akudziwa kuti sadzafunsidwa kuti amapemphera tsiku liti. Koma mlendo ndi mame. Ulonda weniweni uli ku Old Town, pakati pa anthu amene amagulitsana tomato aja.

Tsono tichite chiyani sabata ino? Choyamba, tiwerenge. M'magulu athu ndi m'miphakati tipeze kalata ya 1992 ndi gawo 33 la malamulo a dziko, tiziwerenge mokweza, tifunse agogo athu zimene adaona m'masiku a khadi. Chachiwiri, tisamale zala zathu. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti a chipembedzo chakuti akufuna kulanda dziko usapitirire pafoni ya Mkatolika. Mphekesera zotere ndizo zimasanduka miyala. Chachitatu, tikane kubwerekedwa. Wandale aliyense, wa chipani chilichonse, amene angatipatse ndalama kapena mowa kuti tikaopseze anzathu, tikumbuke manja aja a 1972. Chachinayi, tiyankhule pamene wovutikayo si wathu: mwana wa Mboni amene akunyozedwa m'kalasi, mnzathu wa Seventh-day amene akukakamizidwa kusankha pakati pa Sabata lake ndi ntchito, mtsikana wa hijabu, mnyamata wa madiredi. Kuteteza wansembe wathu n'kosavuta, aliyense amateteza wake. Chimene chimayesa mtundu wa anthu ndi zimene umachita pamene akumenyedwa ndi munthu amene sugwirizana naye.

Maepiskopi a 1992 sadadikire chilolezo cha ku Paris kuti alembe, ndipo akhristu amene adabisa kalata ija m'madengu ndi m'malaya sadafunse ngati kazembe akuwaona. Tipemphe Ambuye atipatse mtima womwewo, ndiponso maso oona msanga mnansi amene akupanikizidwa chifukwa cha chikumbumtima chake, tisanadikire kuti mawa lifike pa ife.

Mulungu adalitse Malawi, ndipo akudalitseni nonse m'sabata imene tayambayi.